"Kawirikawiri" ndi kangati? Mawu amene amayeza kaphunzitsidwe ka sayansi ku yunivesite

Pali mtundu wina wa kafukufuku umene chida chake chonse ndi mawu okhaokha. Wofufuza akafuna kudziwa mmene aphunzitsi a fizikisi, kemisitiri kapena bayoloje amaphunzitsira ku yunivesite, njira yachidule ndi kuwafunsa eni akewo. Amawatumizira pepala la mafunso, masiku ano pa intaneti, ndipo mphunzitsi amangochonga: izi ndimachita nthawi zonse, izi kawirikawiri, izi mwa apo ndi apo, izi sindichita n'komwe. Mayankho aja amasandutsidwa manambala, manambala amalowa m'malipoti, ndipo malipotiwo ndi amene akuluakulu amawerenga pofuna kuona ngati ndalama zosulira aphunzitsi zagwira ntchito. Chimene chimandikoka ine pa nkhaniyi n'chakuti sikelo imene akuyezera ndi chiganizo, ndipo miyala ya sikeloyo ndi mawu ngati "often" ndi "sometimes". Mwala wa kilogalamu imodzi wa wogulitsa nyama umalemera chimodzimodzi lero ndi mawa. Nanga "kawirikawiri" amalemera bwanji?

Kafukufuku amene ndikambe pano wachitika makamaka ku United States ndi ku Canada, ndipo mafunso ake ndi a m'Chingerezi. Komabe ndiziwayesa mafunsowo m'Chichewa, chifukwa chiyankhulo chathu chimaonetsa poyera ming'alu ina imene m'Chingerezi munthu angaidutse osaiona.

Tiyambe ndi chifukwa chimene anthu amavutikira kuyeza zimenezi. Mu 2014, a Scott Freeman a ku University of Washington ndi anzawo anasonkhanitsa zotsatira za ntchito zakafukufuku 225 zokhudza maphunziro a sayansi, uinjiniya ndi masamu. Anayerekeza makalasi amene mphunzitsi amangoyankhula yekha kuyambira polowa mpaka potuluka, ndi makalasi amene ophunzira amapatsidwa chochita ali m'kalasi momwemo, monga kuyankha mafunso, kukambirana kapena kuwerengera okha masamu. M'makalasi oyamba aja, ophunzira pafupifupi 34 pa 100 alionse ankalephera kosi. M'makalasi achiwiriwo olephera anali pafupifupi 22 pa 100 alionse. Kusiyanaku si kwamasewera. Pa kalasi ya anthu 300, ndiye kuti anthu ngati 36 abwereza kosi kapena asiyiratu, pomwe akadakhoza.

N'chifukwa chake mayunivesite ndi mabungwe opereka ndalama, monga National Science Foundation ya ku America, akhala akulipirira misonkhano yosula aphunzitsi kuti asinthe kaphunzitsidwe. Msonkhano ukatha, funso limatsala lakuti asinthadi kodi? Kutumiza munthu kuti akakhale kumbuyo kwa kalasi n'kumalemba zimene akuona kumadya nthawi ndi ndalama. Pepala la mafunso limafika kwa aphunzitsi mazanamazana tsiku limodzi.

Mapepala otere alipo angapo. Lina lakale ndi Approaches to Teaching Inventory, limene a Keith Trigwell ndi a Michael Prosser anakonza ku Australia atacheza ndi aphunzitsi 24 a sayansi ya chaka choyamba. Ilo limafuna kudziwa ngati mphunzitsi amaona ntchito yake ngati kupereka chidziwitso kapena ngati kusintha kaganizidwe ka wophunzira. Lina ndi Teaching Practices Inventory la mu 2014, la a Carl Wieman, amene analandira mphotho ya Nobel ya fizikisi mu 2001, ndi a Sarah Gilbert. Palinso Postsecondary Instructional Practices Survey la mu 2016, la mafunso 24, lochokera ku Western Michigan University. Gulu la ku Western Michigan lomwelo, mu 2015, linaika pamodzi mapepala 12 a mtunduwu n'kuwayerekeza, ndipo zinaoneka kuti amasiyana pa zimene amafunsa komanso pa mmene munthu amayankhira. Ena amafuna muvomereze kapena mukane chiganizo, ena amafuna munene kuti chinthu chimachitika kangati, ena amafuna gawo la nthawi ya kalasi. Zotsatira za mapepala awiri otere simungaziike pa mzere umodzi.

Zonena ndi zochita

Kafukufuku amene anagwedeza anthu pa nkhaniyi anatuluka mu 2011. A Diane Ebert-May a ku Michigan State University ndi anzawo anatsatira aphunzitsi a bayoloje amene anapita ku misonkhano yosula aphunzitsi. Atawafunsa pa pepala, 89 pa 100 alionse ananena kuti asintha, ndipo tsopano ophunzira awo amatenga mbali m'kalasi. Kenaka ena mwa aphunzitsiwo anajambulidwa vidiyo akuphunzitsa, ndipo anthu ophunzitsidwa kuona makalasi anaunika mavidiyowo. Iwo anapeza kuti 75 pa 100 alionse ankaphunzitsabe mwa njira yakale ija, mphunzitsi kutsogolo akuyankhula, ophunzira phee akulemba.

Munthu akamva izi amafulumira kunena kuti basi ananama. Ine sindiganiza choncho, kapena ndinene kuti bodza si gawo lalikulu la nkhaniyi. N'zoona kuti munthu amene wadya ndi kugona pa msonkhano kwa masiku angapo, ndipo amene akumufunsa ndi omwe anamuphunzitsawo, amafuna kuyankha zosangalatsa. Ofufuza amalidziwa bwino vuto limenelo. Koma taonani mawu akuti "ndasintha". Mphunzitsi amene kale ankayankhula mphindi 50 zonse, ndipo tsopano amayankhula mphindi 45 n'kusiya mphindi 5 za mafunso, wasinthadi. Sananame. Koma woonera vidiyo sakudziwa za chaka chatha. Iye akuona munthu amene wayankhula mphindi 45 pa 50. Awiriwa akuyankha mafunso osiyana: wina akudziyerekeza ndi mmene analili dzulo, wina akumuyerekeza ndi muyezo wolembedwa.

Mpata umene uli pakati pa zonena ndi zochita ndimauona m'malo anayi, ndipo onsewo ndi a chiyankhulo.

Poyamba pali mayina a njira zophunzitsira. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, a Eric Mazur a ku Harvard anayambitsa njira yotchedwa Peer Instruction, ndipo buku lawo loifotokoza linatuluka mu 1997. Njirayi ili ndi ndondomeko yake. Mphunzitsi amafotokoza mwachidule, kenaka amafunsa funso loyesa kumvetsa lokhala ndi mayankho angapo osankhapo. Wophunzira aliyense amaganiza payekha n'kuvota. Akatero amatembenukira kwa mnzake woyandikana naye n'kuyesa kumukopa kuti yankho lake ndiye lolondola. Amavotanso kachiwiri, ndipo pomaliza mphunzitsi amafotokoza. Mtima wa njirayi uli pa kukangana kwa ophunzira awiri aja. A Charles Henderson ndi a Melissa Dancy anafunsa aphunzitsi a fizikisi 722 ku America, ndipo zotsatira zinatuluka mu 2009. Mwa njira 24 zimene anazitchula mayina, aphunzitsi 87 pa 100 alionse ankadziwako imodzi kapena kuposa, ndipo 48 pa 100 alionse anati akugwiritsa ntchito imodzi kapena kuposa. Chanzeru chimene ofufuzawa anachita n'chakuti anafunsanso padera zochitika za m'kalasi popanda kutchula dzina la njira. Apa m'pamene zinaoneka kuti ambiri onena kuti amagwiritsa ntchito njira yakutiyakuti anaisintha kwambiri, ndipo pa Peer Instruction panali ambiri ndithu amene sankatsata mbali zake zonse, kuphatikizapo kukambirana kuja.

Ophunzira a chiyankhulo azindikira chimene chachitika apa. Dzina lafutukuka tanthauzo. Ndi zomwe timachita tikamatuma mwana kukagula Colgate pomwe tikutanthauza mankhwala alionse otsukira mano. Pa golosale palibe vuto, mwana abweretsa chotsukira mano ndipo mano ayera. Koma mu kafukufuku, manambala a a Freeman aja anachokera m'makalasi amene ophunzira ankagwiradi ntchito. Kalasi imene yatenga dzina lokha siingayembekeze phindu lomwelo.

Miyala ya sikelo

Malo achiwiri, amene ndikhalitsepo pang'ono, ndi mawu onena kangati. Akatswiri a kafukufuku wa mafunso akhala akulimbana nawo kwa nthawi yaitali. A Norman Bradburn ndi a Carrie Miles analemba za mawu otere mu 1979, kusonyeza kuti anthu osiyana amaika manambala osiyana pa mawu amodzimodzi, komanso kuti nambalayo imasintha malinga ndi chinthu chimene chikukambidwa. Ife izi timazidziwa ndi khutu. Ndikanena kuti mu Januwale mvula imagwa kawirikawiri, ndikutanthauza masiku angapo pa mlungu. Ndikanena kuti chilala chimagwa kawirikawiri kudera lakutilakuti, ndikutanthauza kamodzi pa zaka zingapo. Mawu ndi omwewo, koma nambala yachoka pa masiku kufika pa zaka. Mawuwa sawerenga kanthu paokha, amangonena kuti chinthucho chimachitika koposa mmene munthu amayembekezera.

Ndipotu mawu akuti kawirikawiri ndi oseketsa mukawaphwanya. Muli "kawiri" wobwerezedwa, basi. Amene amaoneka ngati nambala yeniyeni ndiye amene sanena nambala iliyonse.

Tsopano muikeni mphunzitsi wa kemisitiri patsogolo pa chiganizo chakuti ophunzira ake amagwira ntchito m'magulu, ndipo asankhe pakati pa "sometimes" ndi "often". Ayembekezera zotani kuti adziyerekeze nazo? Ngati iye mwini anaphunzira zaka zinayi osakhalapo m'gulu ngakhale tsiku limodzi, katatu pa semesita ndi kawirikawiri. Ngati mnzake wa ofesi yoyandikana amachita zimenezi tsiku lililonse, kamodzi pa mlungu ndi nthawi zina chabe. Zikatere, amene amachita katatu pa semesita wachonga pamwamba, amene amachita kamodzi pa mlungu wachonga pansi, ndipo kompyuta iwerengera kuti woyambayo ndiye ali patsogolo. Palinso china chokhumudwitsa kwa okonza misonkhano. Munthu akaphunzira bwino chimene ntchito ya m'magulu imatanthauza, muyezo wake umakwera, ndipo atha kudzipatsa malikisi ochepa atachoka ku msonkhano kuposa amene anadzipatsa asanapite. Pa pepala aoneka ngati wabwerera m'mbuyo, pomwe maso ndiwo atseguka.

Yesani kusanja mawu athu kuyambira pansi mpaka pamwamba: kamodzikamodzi, patalipatali, mwa apo ndi apo, nthawi zina, pafupipafupi, kawirikawiri, nthawi zambiri, nthawi zonse. Kumapeto kuwiri tonse tigwirizana. Pakatipa ndiye pali mkangano. Kodi pafupipafupi ndi kawirikawiri, wamkulu ndani? Kwa ine pafupipafupi akunena za kufupika kwa mpata pakati pa ulendo uno ndi wotsatira, pomwe nthawi zambiri akunena za gawo, kuti pa maulendo khumi, ambiri mwa iwo zinachitika. Amenewa ndi mafunso awiri osiyana. Mphunzitsi atha kufunsa ophunzira pafupipafupi m'kalasi imodzi pa semesita yonse, ndipo wina atha kufunsa funso limodzi lokha m'makalasi ambiri. Wowerengera amangopatsa mawuwa manambala 1, 2, 3, 4, 5 ngati kuti mipata yake ndi yofanana ngati ya pa rula.

Wina anena kuti ndiye tichotse mawuwo tiike manambala. Zimathandiza, koma si mankhwala athunthu. Mu 1985, a Norbert Schwarz ndi anzawo anafunsa anthu ku Germany kuti amaonera TV maola angati pa tsiku. Gulu lina linapatsidwa mayankho oyambira pa theka la ola n'kumakwera mpaka "kuposa maola awiri ndi theka". Gulu lina mayankho ake anayambira pa maola awiri ndi theka n'kumakwera mpaka "kuposa maola anayi ndi theka". M'gulu loyamba, 16 pa 100 alionse ndi amene anati amaonera kuposa maola awiri ndi theka. M'gulu lachiwiri anakwana pafupifupi 38 pa 100 alionse. Anthu amawerenga mndandanda wa mayankho ngati uthenga wochokera kwa wofunsa, kuti chapakatichi ndiye chimene anthu wamba amachita, ndipo aliyense amadziika pamene akuganiza kuti ndi malo ake. Mphunzitsi naye ndi munthu. Akaona mndandanda amafufuza pamene pali mphunzitsi wabwinobwino.

Kamphatikira -ma- ndi mneni "kufunsa"

Malo achitatu ndi nthawi ya mneni. Ziganizo zambiri za m'mapepalawa zili m'nthawi yonena chizolowezi, imene m'Chichewa timaisonyeza ndi -ma-: ndimagawa ophunzira m'magulu, ndimapereka mafunso asanabwere m'kalasi. Kamphatikira kameneka n'kaulemu kwambiri, sikafunsa kuti kangati. "Ndimadya nsima" ndi zoona kwa wodya kawiri pa tsiku. "Ndimapita kumudzi" ndi zoona kwa wopita pa Khirisimasi pokha. Kuti chiganizo cha -ma- chikhale choona, pamangofunika kuti chinthucho chinachitikapo kangapo ndipo wonenayo amadziona ngati munthu wochita zimenezo. Choncho funso lotere limakhudza kwambiri mmene munthu amadzionera kuposa zimene anachita Lachiwiri lapitali. Chingerezi chili ndi vuto lomweli, kungoti kulibe kamphatikira koti n'kukaloza ndi chala.

Ife tili ndi chowonjezera. Poyankhula, "ndimagawa" wa chizolowezi ndi "ndimagawa" wonena zimene ndinali kuchita amasiyana pa kakwezedwe ka liwu: woyambayo liwu limakwera pa ndi-, wachiwiriyo silikwera pa ndi-. Kalembedwe kathu sikaonetsa zimenezi. Pocheza nkhani yonse imatithandiza kudziwa amene akunenedwa, koma chiganizo cha pa pepala la mafunso chimaima chokha, chopanda choyandikana nacho. Mphunzitsi amene ankagawa magulu semesita yatha n'kusiya angachiwerenge mwa njira yachiwiriyo n'kuchonga kuti inde. Ndipo osiya alipo ndithu: a Henderson ndi anzawo anapezanso kuti pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a aphunzitsi amene anayesako njira zatsopanozi anadzazisiya.

Pamwamba pa galamala pali chikumbumtima cha zochitika. Tsiku limene munakonza ntchito ya m'magulu munagona mochedwa kuikonzekera, m'kalasi munali phokoso, wina anafunsa funso lanzeru. Tsiku limenelo silichoka m'mutu. Masiku makumi awiri amene munangoyankhula amasungunuka n'kukhala ngati tsiku limodzi. Komanso mphindi 40 zimafulumira kwa woyankhula kuposa kwa womvera, izi aliyense amene anakhalapo pa mwambo wa zoyankhulayankhula akudziwa.

Malo achinayi ndi aneni amene amaoneka osavuta, ndipo wamkulu wawo ndi "kufunsa". Pafupifupi mphunzitsi aliyense amavomera kuti amafunsa ophunzira mafunso. Koma tamverani zimene zimatchedwa mafunso m'kalasi: "Tili limodzi?" "Mwamva eti?" "Pali funso?" "Ndiye mphamvu ija ipita ku chiyani? Ku kutentha." Mwa maonekedwe onsewa ndi mafunso. Mwa ntchito yake, loyamba ndi lachiwiri akupempha "eee" wa gulu, lachitatu nthawi zambiri ndi chizindikiro chakuti tikupita pa mutu wina, ndipo lachinayi mphunzitsi wadziyankha yekha asanapume. A Mary Budd Rowe, pofufuza makalasi a sayansi a ana asukulu ku America, anaonetsa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 kuti mphunzitsi akafunsa amadikira pafupifupi sekondi imodzi yokha asanabwereze funso, kuloza wina kapena kuyankha yekha. Kudikirako kukafika masekondi atatu kapena kuposa, mayankho a ophunzira ankatalika ndipo oyankha ankachuluka. Ndi mphunzitsi uti angakuuzeni pa pepala kuti amadikira sekondi imodzi? Sakubisa. Sadziwa, chifukwa kwa woima kutsogolo masekondi atatu a zii amamveka ngati mphindi yathunthu.

Apa Chichewa chikadathandiza wolemba mafunso. Tili ndi kufunsa ndi kufunsana, kuuza ndi kuuzana, kukamba ndi kukambirana. Kamphatikira -an- kamakakamiza kuti mbali zikhale ziwiri. Mawu a Chingerezi akuti "discussion" sanena kuti akuyankhula ndani, moti mphunzitsi amene wayankha mafunso awiri a ophunzira a kutsogolo atha kunena kuti kunali "discussion". M'Chichewa mukalemba kuti "ophunzira amakambirana okhaokha", khomo limenelo mwatseka.

Ndipatuke pang'ono. Pali amene amakonda kunena kuti "kuphunzitsa" ndi "kuphunzira" ali ndi tsinde limodzi, ndipo -its- amasonyeza kuchititsa, choncho kwa ife kuphunzitsa ndi kuchititsa munthu kuti aphunzire, osati kungoyankhula. N'zokoma kumva, ndipo zikufanana ndi kusiyanitsa kwa a Trigwell ndi a Prosser kuja. Koma kapangidwe ka mawu sikalamulira mmene anthu amawagwiritsira ntchito. Tonse tinamvapo mphunzitsi akuti, "Ine ndinaphunzitsa, iwowo ndiye sanamve." M'chiganizo chimenecho -its- wagona tulo.

Kufunsa zowerengeka

A Wieman ndi a Gilbert anayesa kuthawa misampha imeneyi. Pepala lawo, limene munthu amadzaza pa mphindi 10 kapena 15, limakhudza kosi imodzi yeniyeni, osati uphunzitsi wa munthu wonse, ndipo mafunso ambiri ndi a zinthu zoti zilipo kapena palibe, kapena zowerengeka. Kodi ophunzira anapatsidwa mndandanda wa zimene ayenera kutha kuchita pomaliza kosi? Kodi m'kalasi imodzi mumaima kangati kuti afunse? Kodi ndi gawo lanji la nthawi limene mumayankhula nokha? Mafunso otere safuna kuti munthu adziweruze ngati ndi mphunzitsi wabwino. Ndipo pali umboni woti amayenda bwinoko. Mu 2014, a Michelle Smith ndi anzawo ku University of Maine anayerekeza mayankho a pa pepalali ndi zimene oonerera anaona m'makosi 51, ndipo anapeza kuti aphunzitsi ankadziwa ndithu mmene amagwiritsira ntchito nthawi ya kalasi: amene anaoneka akuyankhula kwambiri ndi omwenso ananena kuti sapereka zochita zambiri. Mukaika zotsatirazi pambali pa za a Ebert-May, simunganene kuti aphunzitsi a ku Maine ndi oona mtima kuposa anzawo. Chimene ndikuonapo ine n'chakuti anafunsidwa funso loyankhika.

Oonererawo anagwiritsa ntchito chida chotchedwa COPUS, cha mu 2013. Munthu amakhala m'kalasi ndi pepala la zizindikiro 25, ndipo mphindi ziwiri zilizonse amachonga zimene mphunzitsi akuchita ndi zimene ophunzira akuchita. Ndi chida chomwechi chimene a Marilyne Stains ndi gulu lalikulu la ofufuza anagwiritsa ntchito pa makalasi oposa 2,000 a aphunzitsi oposa 500 m'masukulu aukachenjede 25 ku America ndi ku Canada. Zotsatira zinatuluka mu 2018: makalasi 55 pa 100 alionse anali oyankhula mphunzitsi pafupifupi nthawi yonse, 27 anali oyankhula mphunzitsi koma mosakaniza ndi zochita zina, ndipo 18 okha ndi amene ophunzira anali pakati pa ntchito. Koma kuonerera nakonso kuli ndi malire. Gulu lomweli linaona kuti mphunzitsi mmodzi amasinthasintha tsiku ndi tsiku, moti pamafunika kumuona kanayi kapena kuposa kuti munene kaphunzitsidwe kake. Ndiponso COPUS imalemba kuti funso lafunsidwa, siinena ngati funsolo linali lanzeru.

Nanga bwanji osangofunsa ophunzira? Nawonso akudzinenera okha. Mu 2019, a Louis Deslauriers ndi anzawo ku Harvard anapeza kuti ophunzira a fizikisi amene anapatsidwa zochita m'kalasi anakhoza bwino mayeso kuposa amene anangomvera mphunzitsi waluso, komabe iwo ankamva ngati aphunzira zochepa. Thukuta la kuganiza analitenga ngati chizindikiro chakuti sakumva.

Chimene sindigwirizana nacho kwenikweni ndi maganizo ogwiritsa ntchito mapepala otere poweruza aphunzitsi pa nkhani ya kukwezedwa pa ntchito, ngakhale a Wieman eni ake anaperekapo maganizo otero ponena kuti zambiri za pa pepala lawo n'zotheka kuzitsimikiza. Za mndandanda wa zolinga za kosi n'zotsimikizikadi, pepala lilipo kapena palibe. Koma za kuima kangati m'kalasi palibe risiti. Munthu akadziwa kuti yankho lake likafika kwa mkulu wa dipatimenti ndipo likhudza malipiro, mawu onse otambasuka aja adzawatambasulira mbali imodzi.

Kwathu kuno sayansi ya ku yunivesite imaphunzitsidwa m'Chingerezi, kaya ndi ku Zomba, ku Mzuzu, ku Thyolo kapena ku Lusaka, choncho wofufuza angaganize kuti pepala la ku Michigan lingangotengedwa momwe lilili. Pali zinthu ziwiri zoti aziyang'ane. Choyamba, mafunso ena amatchula zipangizo m'malo mwa zochita. Funso lonena za clicker, kachipangizo kovotera m'kalasi, lidzayankhidwa kuti ayi ndi mphunzitsi amene amavotetsa ophunzira ndi manja kapena ndi timapepala tamitundu, chonsecho Peer Instruction imatheka bwinobwino ndi manja ndi timapepala. Chachiwiri, woyankha amene m'mutu mwake "occasionally" ndi "sometimes" onse amagwera pa "nthawi zina" sadzaona masitepe awiri pamene wolemba anaikapo awiri. Ndipo amene angafune kumasulira pepalalo asadalire njira yotchuka ija yomasulira kupita m'Chichewa n'kupatsa wina kuti abwezere m'Chingerezi. "Often" adzapita n'kukhala "kawirikawiri", adzabwerera ali "often", onse adzaomba m'manja, koma palibe amene wafunsa kuti ndi kangati. Njira yothandiza ndi kukhala pansi ndi aphunzitsi ochepa, kuwapatsa pepalalo, n'kuwapempha kuti aziganiza mokweza pamene akuyankha. Wina akachonga "kawirikawiri", mumufunse kuti mwezi watha zinachitika masiku angati.

Tiyese tokha kukonza funso limodzi. Tayamba ndi lakuti, "Ndimalimbikitsa ophunzira kukambirana kawirikawiri." Muli -ma-, muli kawirikawiri, mulinso "kulimbikitsa", amene atha kungotanthauza kuwauza kuti akakambirane ku hositelo. Tilisinthe likhale lotere: "Ganizirani kalasi yomaliza imene munaphunzitsa pa kosi imeneyi. Ndi kangati pamene munafunsa funso, n'kusiya ophunzira akambirane okhaokha, musanapereke yankho? Lembani nambala." Tsopano tili ndi tsiku limodzi, mneni wa nthawi yakale, -an- woonetsa amene akuyankhulana, ndi nambala imene woyankha alembe yekha popanda mndandanda womulozera pakati. Katsala kamodzi. "Kalasi yomaliza" wina aimva ngati yotsekera semesita, tsiku limene ambiri amangobwereza za mayeso. Tilembe kuti "kalasi imene mwaphunzitsa posachedwapa", ndipo pansi pake tisiye mpata woti alembe deti ndi mutu umene anaphunzitsa tsikulo.